Tayala la cruiser yamphamvu: logwira msewu kapena lokhalitsa, nde tigule liti?

Munthu ukagula njinga yamoto ya cruiser, zazitali zolemera zokhalira pansi zija, makamaka zamphamvu zija ngati Suzuki M109R, Triumph Rocket 3, Ducati Diavel, Yamaha VMAX kaya V-Rod ya Harley-Davidson, chimene chimayamba kukuliza si mafuta ayi, ndi tayala lakumbuyo. Limatha ngati sopo. Dzulodzuloli linali latsopano mizere ili bwinobwino, lero pakati pasalala koma m'mbalimu mukadali mwanyuwani ngati simunagundepo msewu, nde umayamba kudzifunsa kuti kodi anandigulitsa lafeki kapena bwanji. Ayi si lafeki, vuto ndi njingayo. M109R ikathiridwa mafuta imalemera makilogalamu 347 ndipo injini yake ndi ya 1783cc, Rocket 3 ili ndi 2458cc ndipo torque yake, mphamvu yopotokola ya injini, imadutsa 220 Nm, mphamvu ya galimoto imeneyo osati njinga, ndipo yonseyo imakathera pa kamalo kongofanana ndi chikhatho pomwe tayala lagunda msewu. Nde ukamakoka moto ponyamuka pa maloboti tsiku ndi tsiku, labala akungotsala pamsewupo pang'onopang'ono iwe osadziwa.

Ndiye nkhani yosankha tayala pa njinga zimenezi ndi imodzi basi olo ogulitsa akuuzeni mayina khumi: mukufuna lokhalitsa kapena logwira msewu. Zonse ziwiri pamodzi amalonjeza aliyense, koma labala wofewa amamata pamsewu nkutha msanga, wolimba amakhalitsa koma mvula ikagwa amakuchititsa mantha. Makampani ayesetsa kuchepetsa mpatawo, zoona, koma sunathe.

Tisanafike ku mayina tiyambe ndi manambala ali m'mbali mwa tayala aja, chifukwa ambiri timakangana za mayina pomwe njinga yathu inatisankhira kalekale. Tengani 240/40 R18 79V, sayizi ya kumbuyo kwa M109R. 240 ndi kutambalala kwake m'mamilimita, 40 akutanthauza kuti khoma la m'mbali kutalika kwake ndi 40 pa 100 alionse a 240 ija, ndiye kuti mamilimita 96, R ndi radial, mtundu wa kapangidwe ka mkati mwa tayala, 18 ndi rimu m'mainchesi. Nambala ndi chilembo zotsiriza zija, 79V, anthu saziyang'ana nkomwe koma ndi zimene zili ndi moyo wanu. 79 ndi katundu amene tayala lingasenze, makilogalamu 437, ndipo V ndi liwiro lomwe lingapirire, makilomita 240 pa ola. H ndi 210, W ndi 270. Mukhoza kukwera, kugula la nambala yayikulu kuposa yomwe kampani ya njinga inalemba, koma kutsika ayi. Njinga ya makilogalamu 300 ndi kanthu, inuyo pamwamba, wina kumbuyo, zikwama m'mbali, tayala la nambala yochepa limatentha mkati ndipo tayala likamatentha mopyola silikuchenjeza.

Ndipo sayizi ndi imene imakupanikizani. Amene ali ndi 240/40 R18, monga a M109R, a Fat Boy ya 2018 kubwera kuno, a Breakout, a V-Rod Muscle, awowo ali pabwino chifukwa makampani ambiri amapanga sayizi imeneyi. A Rocket 3 kumbuyo ndi 240/50 R16, rimu ya 16 pa tayala lotambalala chonchi si yofala, nde mayina omwe mungapeze ndi owerengeka. A Diavel ndi 240/45 ZR17, nawonso chimodzimodzi. VMAX yomwe inatuluka 2009 ija ndi 200/50 R18. Nde musanataye nthawi kumva anthu akutamanda tayala lakutilakuti, kaonetsetseni kaye ngati limapangidwa m'sayizi yanu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kanthu kenanso ka R ndi B. R ndi radial, pomwe ulusi wa mkati mwa tayala umadutsa mowongoka kuchoka mbali ina kupita ina, B ndi bias, ya ulusi wopingasana mopendeka, yokhala ndi lamba mkati, ndipo pakangokhala kamzere m'malo mwa chilembo ndi bias wamba. Bias khoma lake ndi lolimba, imasenza katundu bwino, ndi chifukwa chake njinga zolemera zoyenda maulendo ataliatali zambiri zimabwera nayo. Radial sitentha kwambiri pa liwiro ndipo imayala bwino pamsewu, matayala otambalala a 240 aja ndi radial. Lamulo ndi lakuti osasakaniza mwa nzeru zanu. Inde Breakout imachoka kufakitale ndi 130/60 B21 kutsogolo ndi radial kumbuyo, koma amenewo anayesa okha pa njinga imeneyo, si chilolezo choti tonse tiziphatikiza mmene tafunira.

Tsopano gulu loyamba, okhalitsa. Apa mayina ake ndi Michelin Commander, Metzeler ME888 Marathon Ultra, ndi Dunlop American Elite. Commander II inatchuka kwambiri chifukwa cha makilomita, anthu ankaikonda kuti sikutha, kenako mu 2020 anatulutsa Commander III ndipo anaigawa pawiri, ya Cruiser ndi ya Touring. Ya Touring ndi ya njinga zolemera zonyamula katundu ndipo mtima wake uli pa kukhalitsa, ya Cruiser anaikokera ku kugwira msewu wonyowa. Mukamagula muziwerenga bwino dzinalo mpaka kumapeto chifukwa ndi matayala awiri osiyana. ME888 ndi yomwe inalowa m'malo mwa ME880 yakale ija, dzina lake lomwe likunena kuti Marathon, ndi ya munthu woyenda mtunda. American Elite anaipangira njinga za ku America, za Harley-Davidson, Indian ndi Victory, ndipo lakumbuyo lili ndi labala wamitundu iwiri, wolimba pakati wofewa m'mbali, nzeru yake ndi yoti pakati pomwe pamatha msanga papirire koma ukapendeka pa kona upeze wofewa uja.

Gulu limeneli ndi labwino kwa ndani? Kwa munthu woyenda misewu yowongoka yaitali, wonyamula mnzake kumbuyo kawirikawiri, amene sakoka moto mwaukali, njinga yamphamvu anangoigulira maonekedwe ndi kulira kwake. Ndipo palibe cholakwika pamenepo. Kusintha tayala la 240 si masewera, kuchotsa wilo lakumbuyo pa njinga zimenezi ndi ntchito ndithu, nde ngati mungachepetse maulendo opita kwa makaniko bwanji osatero. Koma chimene ine ndimadandaula nacho ndi chakuti tayala lokhalitsa limakhalitsa mpaka kupyola ubwino wake. Mizere imaoneka ikadalipo, iwe nkumati likadali boo, pomwe pakati paphwatalala kale ngati tayala la galimoto, ndipo ukafuna kukhota njinga imakana kaye kenako nkugwera mkati mwadzidzidzi ikadutsa pa kamtunda kaja kapangika pakati pa pophwatalala ndi m'mbali. Zimabwera pang'onopang'ono nde umazolowera osadziwa, umadzazindikira tsiku lomwe waika latsopano kuti aa, kani njinga yanga imakhota chonchi.

Gulu lachiwiri ndi la ogwira msewu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pali mtima wanga. Metzeler Cruisetec inatuluka 2019 ndipo anaipangira ndendende njinga zomwe tikukambazi, osati cruiser wamba. Anatenga maganizo a matayala a njinga zothamanga nkuwaika pa sayizi za cruiser, lakumbuyo labala wamitundu iwiri, silica wambiri, mankhwala osakaniza mu labala, woti azigwira pakanyowa, ndipo kaumbidwe kake ndi kozungulira bwino moti njinga imalowa pa kona mosakakamiza. Imapezeka mu 240/40 R18 komanso mu 240/50 R16 ya Rocket 3 ija. Pirelli Night Dragon ndi yakale kuposa Cruisetec koma cholinga nchomwecho, kugwira osati makilomita, ndipo kenako anawonjezera Night Dragon GT yakumbuyo kwa omwe ankafuna kuti lizikhalitsako. Pajatu Metzeler ndi ya Pirelli kuyambira 1986, nde mukamakangana kuti yabwino ndi iti dziwani kuti ndi ana a nyumba imodzi. Avon Cobra Chrome ndi yomwe Rocket 3 ya 2458cc inayamba kutuluka nayo kufakitale, ili ndi khoma lojambulidwa ngati khungu la njoka, ndipo Avon anadziwika ndi matayala otambalala kwambiri a njinga zokonzedwa mwapadera zija. Ine ndimaiika pakatikati, siili kumapeto kwa kufewa komanso siili kumapeto kwa kulimba. Fakitale yawo yakale ya ku Melksham ku England inatsekedwa kumapeto kwa 2023 koma dzinalo likadalipo.

Diavel ndi nkhani ina. Imeneyo ndi njinga yothamanga yovala zovala za cruiser, ndipo imabwera ndi Pirelli Diablo Rosso, zoyamba zinali ndi Rosso II zatsopano Rosso III, lomwe ndi tayala la njinga zothamanga lenileni. Ndi yopepuka kuyerekeza ndi anzakewa ndipo imapendeka kwambiri isanakhule pansi, nde kuiveka tayala lolimba la maulendo, olo mutalipeza m'sayizi yake, kuli ngati kugula hatchi nkuimanga miyendo.

Pali funso lomwe anthu amafunsa ndipo ndi lanzeru: cruiser imakhula zopondera pansi usanapendeke nkomwe kwenikweni, nde tayala logwira kwambiri ntchito yake ndi yotani poti m'mphepete mwake sufikamo? Zoona, m'mphepete sufikamo. Koma kugwira msewu si nkhani ya kupendeka yokha. Ganizirani mabuleki adzidzidzi pa njinga ya makilogalamu 350, galimoto yakulowerani mosayembekezera, ABS, yoletsa mawilo kuloka pogwira mabuleki ija, olo ilipo imangogwira ntchito ndi kugwira komwe tayala lili nako, siwonjezera kalikonse. Ganizirani kutuluka pa kona msewu utanyowa, wakoka moto pang'ono chabe koma injini zimenezi mphamvu imabwera yonse pansipansi pomwe, ndipo zambiri mwa njingazi, monga M109R ndi V-Rod, zilibe traction control, kompyuta yochepetsa moto tayala likayamba kuterereka, nde ndi dzanja lako ndi tayala basi. Ine zinandichitikirapo, mvula itangowaza kumene, nthawi yoipitsitsa ija pomwe fumbi ndi oyilo wa pamsewu zimasanduka ngati sopo, ndikutuluka pa raundabauti mu giya yachiwiri, kumbuyo kunangoti tsee kupita kumbali. Sindinagwe, linagwiranso lokha, koma mtima unagunda mpaka kunyumba. Tayala linali lolimba, lazaka, mizere yambirimbiri ikadalipo ndipo ndinkanyadira kuti silikutha. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwerenga makilomita ngati chinthu choyamba.

Kuipa kwake kwa gulu limeneli nkodziwikiratu, muzisintha pafupipafupi, ndipo ngati dzanja lanu ndi lolemera muzisintha pafupipafupi zedi. Musamvere munthu wokuuzani nambala ya makilomita ngati lonjezo, awiri okhala ndi njinga yofanana ndi tayala lofanana wina limamuthera pa theka la mtunda wa mnzake, zimatengera dzanja, kulemera, mpweya, kutentha kwa msewu ndi kukhakhala kwake.

Nanga kungobwezera lomwe njinga inabwera nalo? Fat Boy ndi Breakout zimabwera ndi Michelin Scorcher 11 yolembedwa dzina la Harley-Davidson m'mbali, M109R ndi Dunlop D221, VMAX inkabwera ndi Bridgestone BT028. Ubwino wake ndi woti palibe kuganiza, sayizi, katundu, liwiro zonse nzolondola ndipo njinga inayesedwa ndi tayala limenelo. Koma njinga ngati M109R inatuluka 2006, ndipo matayala apita patsogolo kwambiri kuchokera nthawi imeneyo makamaka pa nkhani ya msewu wonyowa. Nde pa njinga yatsopano kubwezera lomwelo ndi nzeru, pa njinga ya kapangidwe kakale ine ndingayese zatsopanozi. Bridgestone alinso ndi Battlecruise H50 yopangira ma V-twin a ku America, njinga za injini ya masilinda awiri ngati Harley-Davidson, nayo ndi yoti muiyang'ane ngati sayizi yanu ilipo.

Otchipa nawo tiwatchule, Shinko 777 ndi lomwe limamveka kwambiri. Shinko si kampani ya mumdima ayi, anagula zikombole ndi luso la matayala a njinga kwa Yokohama mu 1998 ndipo amapangira ku South Korea. Amadziwika kuti ndi ofewa, amagwira bwino malinga ndi mtengo wake koma sakhalitsa. Nde masamu ake muchite bwino, kutchipa pogula kenako kulipira makaniko kawiri nthawi zina kumafanana ndi kugula lodula kamodzi. Kwa munthu amene njinga amaitulutsa mwa apo ndi apo, yemwe tayala limamukalambira lisanathe, pamenepo otchipa ofewa ali ndi mfundo ndithu.

Tsopano matenda athu a eni njinga zimenezi, kufuna tayala lonenepa. Wa 240 amafuna 250, wa 250 akulota 260 kaya 280, ena mpaka 300. Kumbuyo kumaoneka bwino, sindikana, ukaimika njinga anthu amayamba kuzungulira kumbuyoko. Pa M109R ambiri amaika 250/40 R18 pa rimu yomweyo. Koma dziwani zomwe mukugula. Tayala likatambalala, ukapendeka pomwe lagunda msewu pamasunthira kutali ndi pakati pa njinga, nde kuti ukhote kona yomweyo pa liwiro lomwelo umayenera kupendeka kwambiri, pa njinga yomwe kale imakhula pansi msanga. Limatsatiranso mizere ndi kupendekeka kwa msewu, umangomva njinga ikukoka yokha. Ndipo ukapanikiza tayala lalikulu pa rimu yopapatiza limapindika, kaumbidwe kake kamasintha, mwina pogunda msewu pamachepa m'malo mokula. Onjezani nkhani ya mpata, lamba kaya shafiti, swingarm yomwe imagwira wilo lakumbuyo, madigadi, tayala limafufuma pang'ono likatentha pa liwiro nde mpata umene ukuoneka wokwanira njinga itaima si umene ulipo pamsewu. Tayala lililonse lili ndi mulingo wa rimu womwe opanga analoleza, kaoneni umenewo osati zithunzi za anzanu.

Ena amapita patali nkuika tayala la galimoto kumbuyo, amati darkside. Amati limakhalitsa komanso ndi lotchipa, ndipo pa kukhalitsa akunena zoona. Koma tayala la galimoto ndi lophwatalala, silinapangidwe kuti lizipendeka, pa kona umayendera m'mphepete mwake, ndipo mkombero wake wogwira rimu ndi wosiyana ndi wa rimu ya njinga. Ine ayi. Pa njinga ya mphamvu chonchi ayi kawiri.

Kutsogolo tisakuiwale poti maso onse ali kumbuyo. Lakutsogolo ndi lomwe limagwira ntchito yambiri ya mabuleki ndi kukhota, ndipo kumbuyo kukaterereka nthawi zambiri umapulumuka, kutsogolo kukaterereka umangozindikira uli pansi. Limatha mochedwa, mwina akumbuyo awiri lakutsogolo limodzi, koma limatha moipa, limapanga timabampu m'mbali mwa mizere tomwe ukasisita ndi dzanja umatimva, ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera ukamachepetsa liwiro. Bola onse awiri akhale a mtundu umodzi chifukwa anawaumba kuti aziyendera limodzi. Ngati thumba lavuta ndipo mukusintha limodzi, lisakhale lofewa kumbuyo lolimba lokalamba kutsogolo.

Pogula yang'anani deti. Pakhoma pali malemba oyamba ndi DOT ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri otsiriza ndi chaka, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2019. Sayizi zosowa ngati zathuzi nthawi zina zimakhalitsa pashelefu. Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu lizionedwa chaka ndi chaka ndipo likafika khumi lichoke olo likuoneka bwino, koma pa njinga yamphamvu ine sindingadikire mpaka khumi. Ndipo mpweya, abale, mpweya. Tayala lodula lopanda mpweya wokwanira limagonja kwa lotchipa lopopedwa bwino. Muziyeza ndi geji matayala asanatenthe, nambala yake ndi yomwe ili m'buku la njinga kapena pa sitika ya pa swingarm, osati yolembedwa pakhoma la tayala, imeneyo ndi ya pomwe lasenza katundu wake wonse. Khoma la 240/40 ndi lalifupi komanso lolimba moti ndi maso simungaone kuti mpweya wachepa, mumangomva njinga ikulemera pokhota.

Nde mukandifunsa kuti iweyo ungagule chani. Pa M109R, V-Rod, Fat Boy kaya Breakout yoyendetsedwa mwamphamvu ndingatenge Cruisetec, Cobra Chrome ikubwera pambuyo pake ngati ndikufuna kuti lindikhalitsireko. Pa Rocket 3 ndi awiri omwewo basi, nkhani yatha msanga. Pa Diavel ndikhala pa Diablo Rosso. Ndikanakhala munthu wa maulendo ataliatali ndi mayi akunyumba kumbuyo ndi zikwama, ndikanapita ku American Elite kaya ME888 mosachita manyazi, nkumalichotsa likangophwatalala pakati osadikira kuti mizere ithe. Mukaika latsopano muuzeni makaniko asinthe valavu ndi kupanga balansi, aonenso kamuvi kosonyeza komwe tayala lizizungulira chifukwa kuliika chobwerera kumachitika, kenako makilomita 160 oyamba muyende ngati mwanyamula mazira, kupendeka kuziwonjezeka pang'onopang'ono mpaka kunyezimira kwa pamwamba kuja kutachoka.